Njere khumi za cimanga: kuwerengera tsoka musanaike ndalama

Mvula ikayandikira, funso limakhala limodzi m'makomo a ku Mitande, Mandimba, Ngauma ndi Cuamba. Caka cino tibzale ciyani? Wina amati nandolo. Wina amati thonje. Wina amati soya kapena fodya. Amene amagula ndi kugulitsa mbewu nayenso ali ndi funso lake. Ndigule matumba angati? Ndisunge mpaka liti?

Ambirife timayankha poyang'ana caka catha cokha. Mbewu imene inagulidwa bwino ndiyo aliyense amaithamangira. Koma mtengo wa caka catha si lonjezo. Pali njira yowerengera tsoka tisanaike ndalama ndi thukuta lathu. Mabanki ndi makampani akuluakulu amaicita pa kompyuta. Ife tingaicite ndi kope, pensulo ndi njere khumi za cimanga.

Zimene zinacitika ndi nandolo

Nandolo wambiri amene timagulitsa sadyedwa kuno. Amapita pa galimoto kapena pa sitima mpaka ku doko la Nacala, kenako amawoloka nyanja kupita ku India. Anthu a ku India amadya nandolo pafupifupi tsiku lililonse. Amamcotsa khungu, n'kumuphika kukhala ndiwo imene amaichula kuti dal. Iwo amalima nandolo wambiri kuposa dziko lina lililonse, koma zaka zina sawakwanira. Akaperewera ndi pamene amabwera kudzagula kwa ife.

Mu 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India. Nandolo anasowa, mtengo unakwera. Mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya India, a Narendra Modi, inabwera ku Maputo kudzakumana ndi a Filipe Nyusi, amene anali pulezidenti pa nthawiyo. Maiko awiriwa anasainirana mgwirizano. India inalonjeza kugula matani 100,000 caka coyamba, n'kumawonjezera mpaka kufika matani 200,000 pa caka. Tani imodzi ndi makilo 1,000, kapena kuti matumba 20 a makilo 50.

Caka cimeneco alimi ambiri anagulitsa kilo imodzi pa meticais oposa 40. Nkhani inamveka paliponse. Anthu anakulitsa minda. Ena anakongola ndalama za ganyu. Ena anacepetsa mbewu zina kuti nandolo apeze malo.

Koma alimi a ku India nawonso anaona mtengo womwewo, ndipo nawonso anakulitsa minda. Mvula ya 2016 inawagwera bwino. Anakolola matani oposa mamiliyoni 4 ndi theka, pamene caka capitaco anakolola matani pafupifupi mamiliyoni 2 ndi theka. Mtengo ku India unagwa, alimi akumeneko anayamba kudandaula. Mu Ogasiti 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wocokera kunja. Gawo la Moçambique linalipobe cifukwa ca mgwirizano uja, koma nandolo amene anali m'makomo anali wambiri kuposa gawolo. Ogula anacepa. M'malo ena kilo imodzi inafika pa meticais 5. Alimi a ku Malawi ndi ku Tanzania analira cimodzimodzi.

Taonani bwino apa. Mvula kuno inagwa. Mlimi analima bwino, anapalira, anakolola. Sanalakwitse ciliconse m'munda. Cimene cinamugwetsa ndi lamulo losainidwa mu ofesi ya ku New Delhi.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Pambuyo pake mgwirizano ndi India unawonjezeredwa zaka zisanu, ndipo mu 2021 India inatsegulanso citseko kwa nandolo wakunja. Mitengo inakweranso. Kumapeto kwa 2023 nandolo wambiri anaima ku Nacala cifukwa ca mkangano wa makampani otumiza kunja, umene unafika mpaka ku khoti. Mu Januwale 2025 India inalengeza kuti nandolo apitirize kulowa popanda malire mpaka kumapeto kwa Malici 2026. Koma caka comweco ca 2025 mtengo ku India unatsika kwambiri poyerekeza ndi 2024. Citseko cimeneci cimatsegulidwa caka ndi caka, ndipo amene ali ndi kiyi si ife.

Kodi ndiye tileke kulima nandolo? Ayi. Nandolo amapirira cilala, amabwezera conde m'nthaka, safuna feteleza wambiri, ndipo ndi ndiwo. Cofunika ndi kudziwa kuti tsoka lake ndi lalikulu bwanji, komanso limabwera kangati.

Mafunso anayi

Kuwerengera tsoka ndi kuyankha mafunso anayi ndi manambala.

1. N'ciyani cimene cingavute?
2. Pa zaka khumi, cingavute kangati?
3. Cikavuta, nditaya zingati?
4. Ndikataya zimenezo, banja langa liimabe?

Mawu akuti "mwina" ndi "kaya" sathandiza kusankha. Munthu akati "mwina mtengo ugwa", mnzake amayankha kuti "mwina sugwa", nkhani n'kuthera pomwepo. Koma akati "pa zaka khumi, mtengo umagwa kawiri, ndipo ukagwa ndimataya meticais 2,000", pamenepo pali coti n'kukambirana.

Citsanzo coyamba: munda wa nandolo

Manambala a m'citsanzo ici ndi ongoyerekeza, kuti tiphunzire njira yake. Inu mudzaike a kwanu.

Tiyerekeze kuti munda wanu umatulutsa matumba 10 a makilo 50. Amenewo ndi makilo 500. Ndalama zonse zimene mwalowetsa ndi meticais 6,000. Mmenemo muli mbewu, ganyu, mankhwala, matumba ndi zolipira wonyamula.

Yambani ndi nambala imodzi yofunika kwambiri. Gawani 6,000 ndi 500. Yankho ndi 12. Ndiye kuti kilo iliyonse yakudyerani meticais 12. Wogula akapereka 12, mwangobweza zanu. Akapereka 10, mwaluza, ngakhale m'manja muli ndalama. Nambala imeneyi tiichule kuti mtengo wobwezera. Ilembeni pa tsamba loyamba la kope lanu.

Tsopano lembani mitengo itatu. Mtengo wa caka cabwino, tinene 40. Mtengo wa caka capakati, tinene 25. Mtengo wa caka coipa, tinene 8.

Caka cabwino: 500 kuculukitsa ndi 40 ndi 20,000. Kucotsa 6,000, phindu ndi 14,000.

Caka capakati: 500 kuculukitsa ndi 25 ndi 12,500. Kucotsa 6,000, phindu ndi 6,500.

Caka coipa: 500 kuculukitsa ndi 8 ndi 4,000. Munalowetsa 6,000, ndiye mwataya 2,000.

Apa ndi pamene njere za cimanga zimagwira nchito. Jambulani mabwalo atatu pansi: labwino, lapakati, loipa. Tengani njere khumi. Njere iliyonse ndi caka cimodzi. Kumbukirani zaka zapitazi, funsaninso akuluakulu ndi ogula akale. Kodi zaka zabwino zinali zingati? Zoipa zingati? Ikani njere m'mabwalomo.

Tinene kuti mwaika njere 3 pabwino, 5 pakati, 2 poipa.

Zaka 3 zabwino zikupatsani 42,000.
Zaka 5 zapakati zikupatsani 32,500.
Zaka 2 zoipa zikulandani 4,000.

Kuphatikiza 42,000 ndi 32,500, n'kucotsa 4,000, zitsala 70,500. Gawani ndi zaka 10. Pa caka ndi 7,050.

Nambala imeneyi ndiyo phindu lenileni la mundawo. Amene akonza za sukulu ya ana ndi malata a nyumba poyembekeza 14,000 akudzinamiza ndi theka. Caka cabwino cimabwera katatu kokha pa khumi.

Funso lacinayi ndilo lalikulu

Phindu la 7,050 pa caka likuoneka bwino. Koma palibe munthu amene amadya zaka khumi nthawi imodzi. Caka coipa cikhoza kukhala cino. Cikhozanso kubwera kawiri motsatizana. N'cifukwa cake funso lacinayi limaposa onse: ndikataya, ndiimabe?

Onani mmene ngongole imasinthira masamu. Ngati 6,000 ija ndi yanu, caka coipa mwataya 2,000. Zowawa, koma m'nkhokwe muli cimanga, mudzayambiranso. Ngati munakongola 6,000 kuti mudzabweze 7,500, mtengo wobwezera wakwera kufika pa 15. Caka coipa mupeza 4,000, ndipo 3,500 ikusowa. Ngati munatenga katapila woti mubweze 9,000, mtengo wobwezera ndi 18, ndipo caka coipa 5,000 ikusowa. Ndalama imeneyo icokera kuti? Ku mbuzi, ku njinga, kapena ku cimanga ca ana.

Munda ndi womwewo, mvula ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo. Koma wina wagwa n'kudzuka, wina wagwa osadzukanso. Kusiyana kwake ndi ngongole.

Palinso cina. Mtengo si wokha umene umasintha. Zokolola nazo zimasintha. Mbozi zikalowa m'makoko kapena mvula ikadula msanga, munda uja ungapereke makilo 300 okha. Gawani 6,000 ndi 300. Mtengo wobwezera wafika pa 20. Zoipa ziwirizi zikakumana, makilo 300 pa mtengo wa 8, mupeza 2,400 basi. Mwataya 3,600. Lembani nambala imeneyinso. Ngati banja lanu silingaipirire, cepetsani munda wa malonda kapena cepetsani ngongole, mvula isanagwe.

Kugawa munda kumadya phindu, koma kumapulumutsa

Makolo athu ankabzala cimanga, nandolo, maungu ndi nyemba m'munda umodzi. Sanalembe masamu, koma masamu ake alipo. Tiyeni tiwaone.

Tinene kuti pali mbewu ina ya phindu locepa koma losasinthasintha. Munda wonse ukanapereka 5,000 pa caka. Mukagawa munda pakati, theka la nandolo lipereka 3,525 pa caka, theka linalo 2,500. Pamodzi ndi 6,025. N'zocepa poyerekeza ndi 7,050. Mwasiya meticais pafupifupi 1,000 caka ciliconse.

Nanga caka coipa ca nandolo? Theka la nandolo litaya 1,000, theka linalo lipereka 2,500. Mutsala ndi 1,500 m'manja. Mnzanu amene anabzala nandolo yekha wataya 2,000. Ndiye kuti 1,000 munasiya ija sinatayike. Mwagula nayo tulo.

Ku dera lathu mbewu ya mtundu umenewu nthawi zambiri ndi ya kontrakiti. Ku Cuamba kuli kampani ya thonje ya SAN-JFS, ndipo boma limalengeza mtengo wotsikitsitsa wa thonje caka ciliconse. Ku Mandimba ndi Ngauma alimi ambiri amalima fodya ndi Mozambique Leaf Tobacco. Ubwino wa kontrakiti ndi wakuti wogula amadziwika. Koma nayonso ili ndi tsoka lake loyenera kuliwerengera. Zipangizo zimene mwatenga pa ngongole zimadulidwa pogulitsa. Mbewu ikaikidwa pa giredi yotsika, ndalama imatsika. Mtengo wa boma nawo ukhoza kutsika caka cina, cifukwa umatsatira msika wa kunja. Conco musanasaine, funsani kuti ngongole yonse ndi zingati, ndipo mukufunika makilo angati kuti muibweze. Safunsa anadya phula.

Cenjeraninso ndi mbewu zimene zimagwa pamodzi. Cilala cikabwera ngati ca El Niño ca 2023 mpaka 2024, cimene cinacititsa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kulengeza ngozi ya njala, cimanga ndi soya zimavutika limodzi. Kugawa kwenikweni ndi kusankha zinthu zimene sizidwala matenda amodzi. Nandolo amaopa msika wa India. Cimanga cimaopa cilala ndi nchemberezandonda. Cinangwa cimapirira zonsezi. Mbuzi ndi nkhuku siziopa mtengo wa ku Nacala.

Citsanzo caciwiri: kugula ndi kusunga cimanga

Tsopano tione wamalonda. Anthu ambiri amagula cimanga nthawi yokolola kuti adzagulitse mu Januwale kapena Febuluwale, njala ikafika. Amati phindu lake n'losakayikitsa. Tiyeni tiwerenge, ndi manambala ongoyerekezanso.

Mwagula matumba 20 pa meticais 600 thumba limodzi. Zonse ndi 12,000. Mankhwala, matumba ndi kunyamula zadya 1,500. Pamodzi ndi 13,500. Anankafumbwe, makoswe ndi kuuma kwa cimanga zakucotserani matumba 2. Atsala 18. Gawani 13,500 ndi 18. Mtengo wobwezera ndi 750, osati 600. Ambiri amaiwala zimenezi. Amagulitsa pa 700 n'kumasangalala kuti apindula 100 pa thumba, pamene aluza.

Mtengo ukafika 1,100, mupeza 19,800. Phindu ndi 6,300.
Ukafika 800, mupeza 14,400. Phindu ndi 900.
Ukakhala pa 600, mupeza 10,800. Mwataya 2,700.

Ikani njere. Tinene 6 pa mtengo wokwera, 3 pakati, imodzi pansi. Zaka 6 zipereka 37,800. Zaka 3 zipereka 2,700. Caka cimodzi cilanda 2,700. Zonse ndi 37,800, kapena 3,780 pa caka.

Malonda amenewa ndi abwino ngati ndalama ndi yanu. Koma ndalamayo yagona miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu. Ngati ndi yokongola, ciwongoladzanja ca miyezi yonseyo cikhoza kudya 3,780 yense. Masamu amakuonetsaninso poyenera kukonza. Matumba 2 otayika aja ndi ndalama zoposa 2,000 pa caka cabwino. Yerekezani ndi mtengo wa matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amene amapha tizilombo popanda mankhwala. Ngati mtengo wake ndi wocepa kuposa zimene mumataya, yankho mwalipeza.

Tsoka la pa malire

Anthu a ku Mandimba amagula ndi kugulitsa ndi anzawo a ku Chiponde, mbali ya Malawi. Apa pali tsoka lina, la ndalama yeniyeniyo. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100. Mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 pa 100. Dola imodzi ya America, imene inali pafupifupi K1,180 ku banki, inafika pa K1,700. Nthawi yonseyo metical inakhala pafupi ndi 64 pa dola, osasuntha kwenikweni.

Taganizani munthu amene anapereka katundu pa ngongole ku Chiponde, kuti adzalandire K170,000. Pa mtengo wa ku banki, ndalama imeneyo inali madola 144. Kwacha itatsitsidwa inasanduka madola 100. Wokongolayo anabweza zonse, sanabe ngakhale tambala, koma wogulitsa anataya gawo lalikulu. Kwacha inatsitsidwa kawiri pa miyezi 18. Amene amasunga makwacha m'nyumba kapena kukongoza m'makwacha ayenera kuika njere zake pa zimenezi. Njira yocepetsera tsokali ndi yapafupi. Pangana mtengo m'meticais, fupikitsa masiku a ngongole, kapena sandutsa makwacha kukhala katundu msanga.

Msewu ndi mphepo

Zinthu zina zacepetsa tsoka. Msewu wa N13 wocokera ku Cuamba kudutsa Mandimba mpaka Lichinga tsopano uli ndi phula. Njanji ya Cuamba mpaka Lichinga, imene imadutsa pa Mitande, inatsegulidwanso mu 2016. Kale galimoto inkatha masiku ili m'matope, katundu n'kuwonongeka. Lero ogula amafika mosavuta, ndipo ogula akaculuka mlimi amakhala ndi mawu.

Koma mphepo zamkuntho zaculuka. Ana inabwera mu Januwale 2022, Gombe mu Malici 2022, Freddy mu Malici 2023, Chido mu Disembala 2024, Jude mu Malici 2025. Sizinawononge mofanana paliponse. Zina zinagunda kwambiri ku Nampula, Zambézia kapena Cabo Delgado. Koma njira yathu yopita ku Nacala imadutsa ku Nampula. Mlatho ukaduka kumeneko, katundu wathu amaima ndipo mafuta amakwera. Werengani nokha. Pa zaka zinayi, mphepo zisanu. Amene amasunga matumba pansi m'nyumba ya udzu wothonya sanganene kuti madzi anamudzidzimutsa.

Manambala tiwapeza kuti?

Coyamba ndi kope lanu. Nthawi iliyonse mukagulitsa, lembani tsiku, makilo, mtengo ndi malo. Mukagula mbewu kapena kulipira ganyu, lembaninso. Pakatha zaka zitatu kope limeneli lidzakuuzani zoona kuposa mphekesera za pa msika. Kwa amene mwangophunzira kulemba, iyi ndi nchito yabwino yoyeserera dzanja.

Caciwiri ndi anzanu. Mutu umodzi susenza denga. Pa gulu la alimi, pa xitique kapena pa gulu losunga ndi kukongozana, aliyense amakumbukira caka cake. Wina amakumbukira 2016 yokha cifukwa anagula njinga yamoto. Wina amakumbukira 2017 yokha cifukwa anagulitsa mbuzi. Mukaika njere pamodzi, kukumbukira kwa wina kumakonza kwa mnzake.

Cacitatu ndi boma. Alangizi a zaulimi a ku SDAE ali m'boma lililonse. Unduna wa zaulimi uli ndi nthambi yochedwa SIMA, imene yakhala ikulemba mitengo ya m'misika kuyambira mu 1991. A INAM amalengeza mmene mvula ikuyembekezeka kugwera nyengo isanayambe. Mawailesi a m'dera, monga a ku Mandimba ndi ku Cuamba, amaulutsa nkhani zotere. Akalengeza kuti mvula ikhala yocepa, sunthani njere imodzi kapena ziwiri kupita ku bwalo loipa, muwerengenso.

Cacinayi ndi foni. Musanakweze matumba, imbirani munthu wa ku Cuamba ndi wa ku Lichinga mumve mtengo wa tsikulo. Funsaninso ogula akuluakulu ngati zilolezo zotumizira kunja zatuluka. Ogula akamazengereza mu Ogasiti ndi Seputembala, nthawi ya nandolo, pamenepo pali utsi.

Pamene masamu amalephera

Masamu si ula. Sakuuzani kuti caka camawa cidzakhala cotani. Amangokuuzani kukula kwa dzenje ndi kuti anthu amagweramo kangati.

Alinso ndi pofooka pake. Munthu amene anayamba kulima nandolo mu 2014 anaona zaka zitatu zabwino zotsatizana. Akanaika njere kumayambiriro kwa 2017, bwenzi bwalo loipa lili lopanda kanthu. Zimene sanaone sakanaziwerengera. Conco lamulo ndi ili: bwalo loipa lisakhale lopanda njere. Ngakhale simunaonepo caka coipa, ikanimo njere imodzi kapena ziwiri. Ndipo mtengo woipa muulembe wotsika kuposa umene mtima wanu ukufuna.

Cina n'cakuti mtengo ukakwera kwambiri, tsoka nalo limakwera. Mtengo wabwino umaitana aliyense, kuno ndi ku India komwe. Onse akabzala, mbewu imaculuka ndipo mtengo umagwa. Caka cimene mudzi wonse ukunena mbewu imodzi ndico caka coyenera kuwonjezera njere ku bwalo loipa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makampani akuluakulu amacita zofanana ndi njere zathuzi. Amauza kompyuta mitengo, zokolola, mtengo wa mafuta ndi wa dola. Kompyuta imasakaniza zonsezi kambirimbiri, ngati kuti yalima zaka 10,000, kenako imanena kuti pa zaka zimenezo zoluza ndi zingati. Njira imeneyi imachedwa Monte Carlo. Anaiyambitsa akatswiri a masamu, Stanislaw Ulam ndi John von Neumann, ku America m'zaka za m'ma 1940. Amene amagula nandolo wanu n'kumutumiza ku India amawerengera tsoka lawo asanakupatseni mtengo. Mlimi yekha ndi amene amafika pa sikelo wopanda nambala. Siziyenera kukhala conco.

Zocita mvula isanagwe

Khalani pansi ndi a m'banja mwanu. Amayi ndi abambo onse akhalepo, cifukwa caka coipa cimagwera onse. Patulani kaye munda wa cakudya, umenewo usalowe m'masamu a malonda. Kenako pa mbewu iliyonse yogulitsa lembani zinthu zisanu: ndalama zolowa, mtengo wobwezera, mitengo itatu, njere khumi, ndi zimene mudzataye caka coipitsitsa. Pomaliza funsanani kuti, tikataya zimenezi, tigulitsa ciyani? Ngati yankho ndi cimanga ca ana kapena munda weniweniwo, cepetsani. Ngati yankho ndi nkhuku zingapo, pitirizani ndi mtima umodzi.

Caka cabwino cikabwera, musadye zonse. M'citsanzo cathu zaka ziwiri zoipa zinalanda 4,000. Mukapatula 500 pa caka ciliconse mwa zaka zisanu ndi zitatu zinazo, 4,000 yakwana. Isungeni ku gulu, pa M-Pesa kapena e-Mola, kapena mugule mbuzi. Lamulo lina likadzasainidwa ku New Delhi, lidzakupezani muli ndi poyambira.

Mafunso okambirana pa gulu

1. N'cifukwa ciyani mtengo wa nandolo unagwa mu 2017, ngakhale mvula kuno inagwa bwino?
2. Mlimi walowetsa meticais 4,000 ndipo wakolola makilo 400. Mtengo wake wobwezera ndi zingati?
3. Mlimi yemweyo akadakongola 4,000 kuti abweze 6,000, mtengo wobwezera ukadakhala zingati?
4. Sankhani mbewu imodzi ya kwanu. Ikani njere khumi m'mabwalo atatu. Kodi gulu lonse lagwirizana? Ngati ayi, mwasiyana pati?
5. Chulani zinthu ziwiri za pakhomo panu zimene sizingagwe pamodzi caka cimodzi.